Musanateleke Mgolo: Kuyesa Chimanga, Mawere ndi Chimera Chokhalitsa

Kabuku ka mabanja a m'maboma a Tsangano ndi Macanga

Kuno kumapiri mwambo suyenda popanda mtsuko. Chiliza, sadaka, ukwati, chinamwali, ngakhale dima lopalira munda, zonsezi zimafuna mowa wamasese kapena thobwa. Kuyambira Juni mpaka Seputembala wofulula sada nkhawa, chifukwa nkhokwe zimakhala zodzaza ndipo chimanga chimakhala chatsopano. Mavuto amayamba mvula ikagwa. M'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale anthu amakokota pansi pa nkhokwe, amatulutsa thumba lomwe linaiwalika kuseri kwa chitseko, amakumbukira chimera chomwe chinatsala pa chiliza cha chaka chatha. Apa m'pamene mumamva wina akuti: "Ichi nsima sichingachite, koma mowa chipanga."

Mawu amenewa ndi abodza, ndipo anaphetsa kale anthu m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete.

Zomwe zinachitika ku Chitima

Pa 9 Januwale 2015 anthu a ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, anamwa mowa wa pombe pochokera kumaliro. Anthu oposa 230 anadwala, ndipo 75 anamwalira. Mayi amene anafulula mowawo anali mmodzi wa omwalirawo. Mphekesera zinathamanga kuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona, ena ankati mankhwala ophera tizilombo, ndipo anthu anayamba kulozana zala. Patapita miyezi, mowa wotsala ndi ufa womwe anaphikira zitayezedwa ku America, Unduna wa Zaumoyo unalengeza mu Novembala chaka chomwecho kuti panalibe mfiti kapena wachiwembu. Mu ufa wa chimangawo munali kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Burkholderia gladioli, komwe kamatulutsa poizoni wotchedwa bongkrekic. Ofufuza anapeza kuti ufawo unali utanyowa ndi madzi osefukira n'kuyamba kuwonongeka, ndipo unaperekedwa kwa wofulula poganiza kuti ngakhale sungadyedwe, mowa ungaphikidwe nawo.

Poizoni ameneyu anali atadziwika kale ku Indonesia ndi ku China, komwe wapha anthu odya zakudya zoviika ndi kusasitsa, koma mu Africa aka kanali koyamba kumupeza. Sanunkha, samveka pakamwa, safa ndi moto, ndipo mpaka lero alibe mankhwala omuthetsa m'thupi.

Funso loyamba: kodi chinanyowapo?

Anthu ambiri akatenga thumba lakale amafunsa kuti lakhala nthawi yaitali bwanji. Limenelo ndi funso lachiwiri. Mawere osapuntha, osungidwa pouma, amatha zaka zingapo ali bwinobwino chifukwa njere zake n'zazing'ono ndi zolimba, anankafumbwe salimbana nazo kwenikweni. Pomwe chimanga cha miyezi iwiri yokha chomwe denga linachidonthera chikhoza kukhala choopsa kale. Choncho musanatsegule thumba, kumbukirani mbiri yake. Linali pansi pa dothi kapena pa thandala? Linatsamira khoma lomwe limatuluka chinyontho nthawi ya dzinja? Denga la nkhokwe linafoleredwa mvula yoyamba isanagwe? Chimangacho chinakololedwa chitauma, kapena chinalowa m'nkhokwe chili chiwisi poopa akuba ndi ng'ombe?

Ku Tsangano ndi ku Furancungo tili ndi vuto lomwe anzathu a kuchigwa cha Zambezi sakumana nalo kwambiri. Timakolola nyengo yozizira ikuyamba, dzuwa lili lofooka, mame ndi chifunga zikuchedwa kuchoka m'mawa. Chimanga chimaoneka chouma kunja pomwe mkati chikadali ndi madzi. Chimanga chotere chikatsekeredwa m'thumba chimatentha chokha, n'kuyamba chuku pakatikati pomwe diso silifika.

Ngati mukudziwa kuti chimanga, mapira, mawere kapena ufa zinamizidwa ndi madzi osefukira, monga zinachitikira mabanja ambiri m'chigawo chino pa namondwe Ana mu Januwale 2022, kapena zinanyowa ndi mvula n'kukhala masiku zisanayanikidwe, kuyesa kwathera pomwepo. Musaphikire mowa, thobwa kapena nsima. Kuyanika pambuyo pake kumachotsa madzi okha, zomwe zinamera nthawi yonyowayo zimatsala momwemo.

Dzanja, mphuno, maso ndi dzino

Ngati mbiri yake ndi yabwino kapena simukuidziwa, monga chimanga chogula pamsika, yesani masana panja, osati m'nyumba ya mdima. Musaweruze ndi chapamwamba. Lowetsani dzanja mpaka m'chigongono, tapani pakati, pansi ndi mbali yomwe inatsamira khoma. Chimanga chabwino chimazizira m'manja ndipo chimayoyoka. Mukamva kutentha mkati mwa thumba, kapena njere zikutuluka zitagwirana m'mibulu, ndiye kuti muli chinyezi ndipo china chake chikudya momwemo.

Nunkhizani nthawi yomweyo mukangotsegula, mpweya usanachotse fungo. Fungo la chuku, la dothi lonyowa, lowawasa kapena la mikodzo ya makoswe ndi lokwanira kukana thumba lonse. Ngati mphuno ikukayikira, ikani dzanja limodzi la njere m'kapu, thirani madzi otentha, vundikirani kwa mphindi zochepa, kenako vundukulani. Nthunzi imatulutsa fungo lomwe linabisala.

Kenako thirani m'lichero n'kumwaza. Yang'anitsitsani pamtima pa njere ya chimanga, pamalo potuwa paja pomwe pamatuluka mmera, chifukwa chuku chimayambira pamenepo. Ufa wobiriwira mopita kuchikasu, madontho akuda, utoto wofiirira ngati wa pinki, timizere toyera tochokera pansonga ya njere, njere zofota ndi zosweka: zonsezi ndi zizindikiro zoipa. Pa mapira ndi mawere chuku chimaoneka ngati kuda kapena kutuwa kwa khungu la njere, ndipo mukazipukusa m'manja zimasiya fumbi lakuda.

Lumani njere zingapo. Youma bwino imathetheka ndi phokoso, yachinyezi imaphwanyika mwakachetechete n'kumatirira kumano. Pali njira inanso yomwe alangizi amaphunzitsa. Tengani botolo lagalasi louma bwino, thiranimo njere mpaka gawo limodzi mwa magawo 3, onjezani masipuni 2 kapena 3 a mchere womwe mwauyanika kapena kuukazinga kuti uume. Tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, siyani kwa mphindi 15, khutchumulaninso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, njerezo zili ndi madzi ochuluka kuposa oyenera kusungira. Chimanga chosunga chimafunika chinyezi chosapitirira magawo 13 pa 100 alionse.

Nanga chofumbwa? Nankafumbwe payekha si poizoni. Koma amadya mtima wa njere, ndipo njere yopanda mtima singamere, choncho singapange chimera. Chinanso, mabowo ake ndi khomo lolowera chuku, ndipo ufa womwe amasiya umasunga chinyezi. Chimanga chobooka apo ndi apo, chouma, chosanunkha, mukhoza kuchipeta, kusankha n'kugwiritsa ntchito ngati ufa wa phala. Chomwe chasanduka fumbi pansi pa thumba, monga amachitira nankafumbwe wamkulu uja woboola ndi mitengo ya nkhokwe yomwe, chisiyeni.

Kusankha kumathandiza ngati zoipazo ndi zochepa. Tolani njere zonse zosintha mtundu ndi zosweka, petani, kenako viikani m'ndowa n'kuyengula zonse zoyandama. Poizoni wa chuku amaunjikana m'njere zochepa zowonongekazo, ndiye kuzichotsa kumachepetsa kwambiri. Koma ngati dzanja lililonse lomwe mwatapa likutuluka ndi njere zachuku, kapena fungo lafalikira thumba lonse, musadzivutitse. Simungathe kusankha zomwe simukuziona.

"Koma mowa umawira tsiku lonse"

Uwu ndiye mtsutso womwe timaumva kawirikawiri, ndipo amaunena ndi anthu odziwa ntchito yawo, omwe afulula zaka zambiri popanda wodwala. N'zoona kuti moto umapha chuku ndi tizilombo tina. Chomwe moto wathu sungathe ndi kuwononga poizoni yemwe zinthuzo zinatulutsa kale. Kupha njoka sikuchotsa ululu womwe walowa m'mwendo. Madzi amawira pa madigiri 100, kumapiri kuno amawira asanafike n'komwe pamenepo, pomwe poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin amafuna kutentha kopitirira madigiri 200 kuti awonongeke. Kusasa kwa mowa nakonso sikummaliza.

Aflatoxin amachokera ku chuku chobiriwira chija, chomwenso chimagwira mtedza. Akachuluka kwambiri amapha msanga: m'chaka cha 2004 kum'mawa kwa Kenya anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga chomwe chinasungidwa chisanaume. Koma nthawi zambiri amagwira ntchito mwakachetechete. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono, amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa munthu yemwe ali kale ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B, ndipo kwa ana amayendera limodzi ndi kupinimbira. N'chifukwa chake mawu akuti "takhala tikumwa, palibe wafa" sakutsimikiza kanthu. Amene anatupa mimba n'kuchita chikasu patapita zaka 10, palibe anaganizako za mowa.

Apa tikumbukirenso thobwa. Mowa amamwa akuluakulu, koma thobwa timapatsa ana, amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi odwala. Ufa ndi chimera cha thobwa zizikhala zabwino koposa zonse m'nyumbamo.

Ufa, mgaiwa ndi gaga

Njere mungathe kuisankha, ufa simungathe. Chimanga chowola chikapita kuchigayo n'kusakanikirana ndi chabwino, palibe diso lomwe lingazilekanitse. Choncho ufa wokhalitsa uyesedwe mouma mtima. Ukakhala ndi mibulu yolimba, ulusi wonga wa kangaude, mphutsi, fungo lowawasa kapena kuwawa pa lilime, utayeni wonse, osati kungochotsa pamwamba. Mgaiwa ndi gaga zimawonongeka msanga kuposa ufa woyera chifukwa zili ndi mafuta a mumtima wa chimanga, ndiponso poizoni wa chuku amakhala wambiri m'makoko ndi mumtima momwemo. Gaga wa chimanga choviikidwa amene sanayanikidwe tsiku lomwelo ndi wokayikitsa kwambiri.

Ngati n'kotheka, sungani njere ndipo mugayitse masiku ochepa musanateleke.

Mankhwala

Mbewu yogula yopakidwa utoto wofiira, wapinki kapena wobiriwira ili ndi mankhwala. Ikatsala pobzala si ya nsima, si ya chimera, ngakhale mutaitsuka kangati.

Chimanga chothiridwa mankhwala a Actellic pa mlingo wolembedwa pa botolo chimadyedwa, ndipo chimamera. Chipeteni ndi kuchitsuka musanaviike. Chovuta ndi mankhwala opanda dzina ogulitsidwa m'timapepala pamsika, kapena chimanga chomwe wina anathira mankhwala a fodya kapena opopera mbatatesi pofuna kupha anankafumbwe. Chimenecho musachikhudze. Ku Macanga pafupifupi khomo lililonse lolima fodya lili ndi zigubu za mankhwala ndi matumba a feteleza, ku Tsangano nakonso chimodzimodzi chifukwa cha mbatatesi. Chigubu chomwe munali mankhwala sichiviikira chimera, sichisungira mowa. Mukakayikira, funsani mlangizi wa ku ofesi ya SDAE ya boma lanu, mutatenga botolo kapena pepala la mankhwalawo.

Funso lachiwiri: kodi zimera?

Njere zikapambana mayeso onsewa, ndiye kuti n'zodyeka. Koma kudyeka ndi kumera ndi zinthu ziwiri. Mphamvu ya chimera, yomwe imasungunula phala n'kulitsekemeretsa, imapangika pamene njere yamoyo yayamba kumera. Njere yakufa ikaviikidwa simera, imangovunda pakati pa zinzake n'kuyambitsa chuku mulu wonse. Apa m'pamene zaka zimawerengedwa. Chimanga chimafooka msanga, makamaka chikadutsa dzinja limodzi m'nkhokwe wamba. Mapira amapirira pang'ono, mawere amapirira koposa.

Musaviike thumba lonse mongoyembekezera. Kutatsala sabata ndi theka kuti muviike, werengani njere 100 zotapa m'malo osiyanasiyana a thumba, osasankha zokongola zokha. Mawere ndi ovuta kuwerenga, tengani 50 ndipo zotsatira zake muchulukitse kawiri. Viikani usiku umodzi, yalani pa kansalu koyera konyowa, pindani, ikani m'mbale n'kuvundikira. Kansaluko kazikhala konyowa koma kosadontha. M'miyezi ya Juni ndi Julayi ikani mbaleyo kukhitchini, pafupi ndi mafuwa koma osati pamoto, chifukwa chisanu cha kuno chimachedwetsa mmera ndipo mukhoza kutaya mbewu yabwino poganiza kuti yafa. Mawere ndi mapira werengani pakatha masiku 3 kapena 4, chimanga pakatha masiku 5 mpaka 7.

Zikamera 90 kapena kuposa, viikani mosakayika. Zikamera pakati pa 70 ndi 90, chimera chituluka koma chofooka, ndiye muyengule bwino zoyandama, muyale mopyapyala, ndipo muyembekezere kuthira chochulukirapo. Zikalephera kufika 70, musapangire chimera. Gayitsani zikhale ufa wa phala, chimera mupeze kwina.

Poyang'ana kansaluko musasokoneze zinthu ziwiri. Muzu waung'ono wathanzi umakhala ndi tiubweya toyera, tosalala, tozungulira muzu wokhawo, ndipo mukadonthezera madzi timagona n'kusowa. Chuku chimakuta njere yeniyeniyo, chimatambalala kupita pa nsalu, chimasintha kukhala chobiriwira, chakuda kapena chofiirira, ndipo chimanunkha. Njere zambiri zikachita chuku pa kansalu, zidzachitanso chimodzimodzi pa mulu waukulu.

Kumeretsa ndiye nthawi yoopsa

Chimera chimafuna chinyezi ndi kutentha, chuku nachonso chimafuna zomwezo. Kafukufuku yemwe Limbikani Matumba ndi anzake anasindikiza mu 2011, atayeza mapira, chimera ndi mowa wamasese kumwera kwa Malawi, anapeza aflatoxin wambiri m'chimera cha mowa kuposa m'mapira osameretsa, ndipo anapezekanso mu mowa womwe. Mafululidwe a tsidya lija ndi athu sasiyana kwenikweni, ndiye phunziroli ndi lathunso.

Tsukani njere musanaviike, ndipo sinthani madzi oviikira. Vundikirani ndi masamba atsopano kapena chiguduli chochapa ndi kuyanika, osati chomwe chinavundikira chimera chapitacho chili chosachapa. Mulu usakhale wokhuthala kwambiri, ndipo muziutembenuza tsiku lililonse kuti usatenthe pakati. Mmera ukakwana, yanikani tsiku lomwelo pa mkeka, pa lona kapena pa thandala, osati pa dothi, mopyapyala kuti chiume msanga. M'dzinja, dzuwa likamabisala masiku atatu otsatizana, chimera chimawonongekera pa mkeka pomwepo. Anzeru amameretsa chimera cha dzinja mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa lili phwee, n'kusunga.

Za mapira pali chenjezo lapadera. Mmera wauwisi wa mapira uli ndi poizoni wa mtundu womwe umapezeka m'chinangwa chowawa. Ana asatafune, mbuzi zisadye. Chimera chikauma, chifikiseni m'manja ndi kupeta kuti mizu ndi timasamba zichoke musanagayitse.

Chimera chotsala chaka chatha

Chimera chimakoka chinyezi msanga kuposa njere wamba, ndipo tizilombo timachikonda chifukwa n'chotsekemera. Chosagaya, chouma bwino, chotsekeredwa mumtsuko womata kapena m'chigubu chotseka, chimatha miyezi ingapo. Chogaya chimafooka pa masabata ochepa. Chabwino chimathetheka mukaluma, mkati mwake n'moyera, chimatsekemera ndipo chimanunkhira. Chofewa, chogwirana, chowawa kapena chonunkha chuku n'chotaya, ndipo pano palibe zosankha, chifukwa mizu yopotana ija imabisa zambiri.

Chikaoneka bwino, yesani mphamvu yake ndi kapu imodzi musanawononge nkhuni ndi ufa wa mgolo wonse. Phikani phala lolimba, loti supuni iime. Lisiyeni lizizire pang'ono mpaka muthe kulowetsa chala n'kuchotsa msanga osapsa. Thirani supuni imodzi ya chimera chosinja, takasani, vundikirani. Pakatha mphindi 15 kapena 20, phala lija liyenera kusungunuka, kuyenda ngati thobwa, ndi kutsekemera. Likangofewa pang'ono, chimera chafooka, onjezani mlingo kapena sakanizani ndi chatsopano. Likakhala chilimbire, chimeracho chatha ntchito. Dziwani kuti phala lotentha kwambiri limapha mphamvu ya chimera, ndiye mukathira likubwata mudzanamizira chimera chabwino.

Ena chimera chikafooka amangothira shuga wambiri kuti mowa ukalipe. Kumeneko n'kusankha kwa mwini, koma shuga sakonza chimera chachuku, amangobisa kukoma kwake koipa.

Zokanidwa zipite kuti?

Mtima umawawa kutaya thumba la chimanga mu Januwale, ndipo maganizo oyamba ndi akuti zipite kwa nkhumba ndi nkhuku. Zofumbwa chabe kapena zolephera kumera, ziweto zikhoza kudya. Zachuku ayi. Nkhuku, abakha ndi ana a nkhumba amafa nazo kapena kupinimbira, ndipo ng'ombe ikadya, poizoniyo amatulukira mu mkaka womwe ana amwe. Masese a mowa wa chimanga chachuku nawonso ndi chimodzimodzi. Kumbani dzenje lakuya kutali ndi chitsime, kwirirani, kapena tenthani. Musapite nazo kumsika wa Furancungo, wa Ntengo wa Mbalame kapena wa pamalire kuti mukagulitse motchipa kwa ofulula. Wogulayo adzamwetsa anthu, mwina abale anu omwe.

Chaka chamawa vutoli lichepe: umitsani mpaka njere ithetheke, foleranitu nkhokwe, ikani matumba pa mitengo osakhudza khoma, ndipo ngati mungapeze matumba otseka mpweya monga a PICS, sunganimo njere zouma bwino zokhazokha. Lembani mwezi wokolola pa thumba ndi khala, muziyamba kugwiritsa ntchito lakale.

Anthu akadwala atamwa

Anthu awiri kapena atatu omwe anamwera mtsuko umodzi akayamba kupweteka m'mimba, kusanza, kutsegula m'mimba, kufooka kapena kusokonezeka mutu, musati ndi matsire. Lekani kugawa mowawo nthawi yomweyo. Onse amene anamwako, ngakhale amene akuoneka bwino, apite kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo. Musataye mowa wotsala, ufa ndi chimera, ndipo musatsuke mgolo. Azaumoyo adzazifuna kuti apeze chomwe chavuta, monga zinathandizira ku Chitima. Dziwitsani amfumu, ndipo mudzi usathamangire kuloza munthu ufiti.

Mafumu ndi akuluakulu a mabanja, pa maliro ndi pa chiliza pomwe makomo ambiri amasonkha, lamulani kuti aliyense abweretse njere, osati ufa, ndipo zithiridwe m'lichero pamaso pa anthu zisanasakanizidwe. Inu amayi ofulula, thumba lomwe mwalikayikira libwezeni, ngakhale litachokera kwa apongozi.